Kumva Mtima ndi Kuuona: Mbiri ya Kuyeza Mavavu a Mtima m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zowapopa, ndipo uli ndi zitseko zinayi zoonetsetsa kuti magaziwo azingopita kutsogolo. Kuchipatala zitsekozi amazitcha mavavu, dzina lomwe aliyense wopopa tayala la njinga amalidziwa: mpweya ulowe, usabwerere. Vavu ikathina, magazi amadutsa movutikira. Ikapanda kutsekeka bwino, magazi amabwerera m'mbuyo, mtima n'kumagwira ntchito imodzi kawiri. Ana ena amabadwa nalo vutoli, vavu itaumbika molakwika akadali m'mimba. Ena amabadwa abwinobwino, vavu n'kudzaonongeka ndi matenda atakula. Kunja onsewa amaoneka mofanana, ndipo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga m'madera ambiri a m'Malawi, njira yowasiyanitsira wodwala akadali moyo yafika posachedwa pomwepa.

Choyezera choyamba chinali chitunda. M'dera limene madzi amatungidwa kudambo n'kukwera nawo kumudzi, ndipo njira ya kumunda, kuchigayo ndi kusukulu imangokhala yokwera ndi kutsika, mwana wodwala mtima sabisika. Anzake akathamanga iye amatsalira, n'kukhala pamwala ali wefuwefu, ndowa atatula pansi. Matenda akakula miyendo imatupa, mimba imatupa, ndipo usiku sagona chagada koma chotsamira khoma. Makolo akale ankaziona zonsezi, ndipo ankaziona bwino. Mwa Achewa, kutupa kwa miyendo ndi nkhope, chifuwa chosatha ndi kuwonda kwa mwana kawirikawiri ankaziika m'gulu la tsempho kapena mdulo, matenda omwe amati amadza wina m'banja akaphwanya mwambo wodika, monga kukhalira malo amodzi pa nthawi yoletsedwa kapena kuthira mchere m'ndiwo ali wosayenera kutero. Funso la pabwalo linali lakuti wamutsempha ndani. Sing'anga ankaombeza, kupereka zitsamba zakumwa, ndi kutema mphini pamene pakupweteka. Mpaka lero woyeza mwana kuchipatala akamuvula malaya amatha kupeza timizere ta mphini pansi pa bere lamanzere, pomwe khungu likudumpha ndi kugunda kwa mtima wotupa. Mphinizo zimakhala pamalo pake penipeni, poti dzanja la sing'anga silinaphonye. Kungoti kuseri kwa nthiti kunalibe wokuonako.

M'chaka cha 1889 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la mfumu ya Angoni, Chiwere. Murray anali ataphunzirako zamankhwala ku Edinburgh asanabwere kuno. Mishoni ya Kongwe inatsatira mu 1894, ya Nkhoma mu 1896, ndipo chipatala cha Nkhoma, chomwe kwa zaka zambiri chinkalandira odwala ochokera m'chigawo chonse chapakati, chinayamba mu 1915. Madokotala a mishoni ndi a boma la atsamunda ndiwo anadzetsa stethoscope, kachipangizo ka m'makutu kamene mpaka pano mwana wa kumudzi akafuna kuyerekeza udokotala amakapanga ndi chingwe ndi chitsekerero cha botolo. Anakayambitsa ndi René Laennec ku Paris mu 1816, pamene anapinda pepala ngati chitoliro n'kuika mbali imodzi pachifuwa cha wodwala, ina pakhutu lake.

Mtima wabwino umamveka kawiri, du-du, du-du, ndipo kulira kumeneko ndi kwa mavavu akamatsekeka. Vavu yolakwika imaonjezerapo mkokomo, wonga wa madzi opanikizika pakati pa miyala. Khutu lozolowera limatha kunena kuti mkokomo uli mbali iti ndipo ukubwera nthawi iti, koma m'dziko la malungo khutu limanamizidwa kawirikawiri. Mwana amene malungo amuthera magazi amakhalanso ndi mkokomo, mavavu ake ali bwinobwino, chifukwa magazi osungunuka amathamanga kwambiri. Akawonjezeredwa magazi mkokomowo umatha. Mwana wina vavu yayamba kale kuonongeka koma khutu silimva kanthu. Ndipo ngakhale mkokomo utamveka momveka bwino, stethoscope sitha kunena ngati mwanayo anabadwa choncho kapena ayi.

Makina a X-ray atafika m'zipatala zikuluzikulu, anaonetsa chithunzithunzi cha mtima, kukula kwake ndi kaumbidwe kake, koma osati zam'kati mwake. Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chitatsegulidwa mu 1977, odwala olephereka pa Dowa boma, Mponela, Madisi, Mtengowanthenga ndi Ntchisi boma anayamba kutumizidwa kumeneko, ndipo ambiri ankabwerako ndi mawu amodzi okha: mtima wakula. Mawuwa anali oona, koma osathandiza kwenikweni. Mtima umaoneka waukulu pa X-ray minofu yake ikafooka, vavu ikamatayitsa magazi, komanso madzi akadzaza m'thumba lokuta mtima, zimene m'Malawi muno nthawi zambiri zimadza ndi chifuwa chachikulu cha TB. Matenda atatu, chithunzi chimodzi, mankhwala osiyana.

Mwa zilema za mavavu zobadwa nazo, chomwe chimaonetsa bwino vuto lonseli ndi cha Ebstein. M'chaka cha 1864 mnyamata wa zaka 19, waganyu, anagonekedwa m'chipatala cha mumzinda wa Breslau, umene lero ndi Wrocław m'dziko la Poland. Chiyambire ubwana wake ankabanika, mtima unkamuthamanga, ndipo khungu lake linkaoneka lothimbirira posonyeza kuchepa kwa mpweya m'magazi. Anamwalira patapita masiku ochepa. Dokotala wachinyamata, Wilhelm Ebstein, anaunika mtima wa malemuyo n'kulemba zimene anapeza mu 1866. Cholakwika chinali pa vavu ya tricuspid, ya mbali yakumanja, yomwe ili ndi timapiko titatu ndipo imakhala pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi. Mwana akamaumbika m'mimba, timapikoti timayenera kumatuka ku khoma la mtima kuti tizikupiza momasuka. Mwa odwala a mtundu uwu tiwiri timatsalira titamatirira, choncho khomo la vavu limatsikira m'munsi, m'kati mwa chipinda chopopa. Gawo lina la chipinda chopopacho limasanduka ngati la chipinda cham'mwamba, mpope umatsala waung'ono, vavu imatayitsa magazi, ndipo chipinda cham'mwamba chimafufuma mpaka kukula modabwitsa. Ambiri amakhalanso ndi bowo pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba, momwe magazi osadutsa m'mapapo amazembera kupita m'thupi. Kwa mwana wa khungu lakuda izi zimaonekera pa lilime, m'kati mwa milomo ndi m'zikhadabo.

Panapita zaka zoposa 80 chilema chimenechi chisanazindikiridwepo mwa munthu wamoyo. N'chosowa kwambiri. Mwa ana 1,000 obadwa, pafupifupi 8 amakhala ndi chilema china chake cha mtima, koma cha Ebstein sichifika n'komwe pa 1 mwa 100 a zilema zimenezo. Mabuku ambiri amati chimagwera mwana mmodzi mwa 200,000, ngakhale ena amakweza chiwerengerochi poti makina a lero akupeza ndi omwe chilema chawo n'chochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 772,569 ku Dowa ndi 317,069 ku Ntchisi. Potengera chiwerengero cha mmodzi mwa 200,000 chija, odwala otere m'maboma awiriwa angawerengeke ndi zala za dzanja limodzi, ndipo kilinikala ofesa angagwire ntchito pa Malomo kapena pa Mvera mpaka kupuma osakumana naye ngakhale mmodzi.

Maso oonera kuseri kwa nthiti anachokera kopangira sitima zapamadzi. Mu 1953, ku Lund m'dziko la Sweden, dokotala wa mtima Inge Edler ankafuna njira yodziwira ngati vavu ya mitral, ya mbali yakumanzere ya mtima wa wodwala, yathina kapena ikutayitsa magazi asanamutumize ku opareshoni. Anagwirizana ndi katswiri wa sayansi Carl Hellmuth Hertz, amene anakabwereka ku kampani yopanga sitima ya Kockums ku Malmö makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo. Makinawo amatumiza phokoso lapamwamba kwambiri loti khutu silingamve, n'kumvetsera likamabwerera, monga mawu a m'busa amabwerera akakuwa moyang'ana thanthwe. Khutu la munthu limalekezera pa kunjenjemera 20,000 pa sekondi. Makina oyezera mtima amagwiritsa ntchito mamiliyoni awiri mpaka asanu, ndipo kwa makanda amakweza kuposa apo. M'minofu ya thupi phokosolo limayenda mamita 1,540 pa sekondi, choncho nthawi imene latenga kupita ndi kubwerera imauza makina kuti chimene lagundacho chili patali bwanji. Zithunzi zoyamba za Edler ndi Hertz zinali mizere yokhotakhota chabe. Zithunzi zoyenda, zoonetsa zipinda ndi mavavu akukupiza, zinabwera m'zaka za m'ma 1970. Ku Trondheim m'dziko la Norway, Liv Hatle ndi Bjørn Angelsen anaonetsa mmene liwiro la magazi lingauzire dokotala kuthina kwa vavu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Japan anawonjezera mitundu yoonetsa kumene magazi akulowera. Kuyeza mtima kotereku achipatala amangokutcha eko.

Komabe kumapiri kuno makinawa sanadzere mtima. Anadzera amayi oyembekezera, potsatira njira imene Ian Donald anayamba ku Glasgow mu 1958. Mawu akuti sikani analowa m'Chichewa kudzera kusikelo ya apakati: kuona ngati mwana wagona bwino, ngati ali amapasa, ngati nsengwa yatseka njira. N'chifukwa chake kupezeka kwa makina a sikani pa chipatala cha boma sikutanthauza kuti pamenepo pakuyezedwa mtima. Kachipangizo kogwira m'manja koyezera mimba n'kotakata ndi kokhota, koyenera pamimba pofewa. Phokoso la makinawa silidutsa fupa kapena mpweya, ndipo mtima uli kuseri kwa nthiti, pakati pa mapapo odzaza mpweya. Pamafunika kachipangizo kena ka mutu waung'ono, kokwana pampata wa nthiti ziwiri, ndipo pamafunikanso munthu wodziwa mipata yake.

Kuyezako kumachitika chonchi. Chipinda amachitchinga ndi nsalu kuti mukhale kamdima. Mwana amagona chammbali, kumanzere, dzanja lamanzere atatsamira, kuti mtima usendere pafupi ndi nthiti. Woyeza amapaka mafuta oterera ozizira, ndipo apa ndi pomwe makanda ambiri amayambira kulira. Mayi amapemphedwa kuti ayamwitse, chifukwa mwana wophupha sajambulika. Kachipangizo kamaikidwa poyamba m'mbali mwa fupa la pakati pa chifuwa, kenaka pansi pa bere pomwe mtima ukugunda, pamalo pomwe pamapezeka mphini paja, kenaka pansi pa nthiti pamwamba pa mimba. Kuchokera pansi pa bere zipinda zinayi zonse zimaoneka nthawi imodzi, ngati nyumba yodulidwa denga, makoma ake akukumana pakati ngati mtanda. Akayatsa mitundu pamaoneka zofiira ndi zabuluu, ndipo makolo ambiri amaganiza kuti awo ndi magazi abwino ndi oipa. Si choncho. Kufiira kumangosonyeza magazi obwera cha ku kachipangizo, buluu opita kutali nako. Vavu yotayitsa imaoneka ndi lawi la mitundu yosakanikirana lothawira m'mbuyo nthawi imene khomo limayenera kukhala lotseka.

Pamtanda paja ndi pomwe chilema cha Ebstein chimagwidwira. Mwa munthu aliyense, vavu ya tricuspid imamera motsikirako pang'ono kuyerekeza ndi ya mitral ya mbali inayo. Woyeza amaimitsa chithunzi n'kuyeza mpata wa pakati pa mizu ya mavavu awiriwa. Ukapitirira mamilimita 8 pa sikweya mita iliyonse ya khungu la wodwalayo, lomwe amaliwerengera kuchokera ku msinkhu ndi sikelo yake, ndiye kuti chilemacho chilipo. Phiko lachitatu lija losamatirira limaoneka lalitali, lokupiza ngati thanga la bwato. Nkhani yomwe Ebstein anaidziwa wodwala atamwalira kale, lero imatha ndi muyezo wosakwana chala chimodzi.

Woyeza wa kuno ali ndi msampha wina umene mnzake wa ku Ulaya sakumana nawo kawirikawiri. M'maiko otentha muli matenda otchedwa endomyocardial fibrosis, amene anafotokozedwa koyamba ku Uganda mu 1948: khoma lam'kati mwa mtima limauma ngati chipsera, limakoka vavu ya tricuspid n'kuimatiriza, chipinda cham'mwamba n'kufufuma. Pa sikirini zimafanana kwambiri ndi za Ebstein. Dokotala wa ku Mozambique, Ana Olga Mocumbi, ndi anzake atayeza anthu oposa 1,000 m'boma la Inharrime, analengeza mu 2008 kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi zizindikiro za matendawa. Chosiyanitsa ndi muzu wa vavu: pa matenda a chipsera muzu uli pamalo pake ndipo kunsonga kwa chipinda n'kotsekeka, pa Ebstein muzu ndiwo wasamuka.

Koma mdani wamkulu wa mavavu a ana a ku Dowa ndi Ntchisi ndi zilonda zapakhosi. Tizilombo totchedwa streptococcus tikagwira pakhosi osachizidwa, thupi la ana ena polimbana nato limalumanso mfundo ndi mavavu ake omwe. Mwana amamva kupweteka m'mawondo ndi m'zigongono, akuluakulu n'kumati ndi nyamakazi kapena malungo, zimatha, zimabweranso, ndipo ulendo uliwonse vavu ya mitral imakhuthala ndi kuuma. Matendawa amakonda nyumba zothinana ndi midzi yotalikira chipatala. Kukula kwake kunadziwika bwino eko itatuluka m'chipatala kupita kusukulu. Mu 2007 Eloi Marijon ndi anzake analengeza zimene anapeza mwa ana asukulu a ku Maputo: poyeza ndi khutu anapeza ana 2.3 mwa 1,000, poyeza ndi eko 30.4 mwa 1,000. Ku Blantyre, Neil Kennedy ndi Paul Miller anawerengera ana 250 ofika ku kiliniki ya mtima pa chipatala cha Queen Elizabeth pakati pa 2009 ndi 2011, ndipo oposa theka anali ndi zilema zobadwa nazo, pomwe oposa mmodzi mwa asanu anali ndi mavavu oonongeka ndi matenda apakhosi aja. Pafupi ndi kuno, m'boma la Lilongwe, Amy Sanyahumbi ndi anzake anayeza ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16 m'sukulu ndi m'midzi, ndipo mu 2016 analengeza kuti 3.4 mwa 100 anali ndi zizindikiro za matendawa asanayambe kudwala. Gulu lomwelo linaphunzitsa makilinikala ofesa kwa masiku ochepa n'kuonetsa kuti angathe kugwira ntchito yosefa ana ndi eko, nkhani yofunika m'dziko limene madokotala a mtima ndi owerengeka ndipo zipatala za m'maboma zili m'manja mwa makilinikala ofesa.

Apa ndi pomwe kusiyanitsa kumapindulira. Mwana wa mavavu oonongeka ndi matenda apakhosi amayenera kubayidwa jakisoni wa benzathine penicillin milungu inayi iliyonse, kwa zaka 10 kapena kuposa, kuti tizilomboto tisamugwirenso. Jakisoniyo ndi wokhuthala, woyera ngati mkaka, wowawa, ndipo kwa banja la kuseri kwa phiri la Ntchisi ndi ulendo wa tsiku lathunthu mwezi ndi mwezi, dzinja ndi chilimwe. Mwana wobadwa ndi vavu yolakwika jakisoniyo samuthandiza. Pali zilema zina zosowa za vavu ya mitral zimene khutu silingazisiyanitse ndi matenda apakhosi, monga chija John Shone anafotokoza mu 1963, chomwe zingwe zonse za vavu zimamangirira pa mnofu umodzi m'malo mwa iwiri, vavu n'kuoneka ngati parachuti. Woyeza amene waona mavavu okhuthala mazanamazana ndiye amazindikira msanga kuti iyi ndi yachilendo: mapiko ndi opyapyala, m'mbali simunamatane, vuto lili kunsi. Atapanda kuzindikira, mwana angabayidwe zaka zonsezo pachabe. Atalakwitsa mbali inayo, mwana wofunika jakisoni angabwezedwe kumudzi wopanda chitetezo.

Makina nawo achepa msinkhu. Oyamba anali aakulu ngati kabati, okankha pamatayala, ozima magetsi akazima. Cha m'ma 2010 kunatuluka okwana m'thumba la malaya, ndipo lero kuli kachipangizo kongolumikiza ku foni kapena tabuleti, koyendera batire, chithunzi chake n'kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri amene ali ku Lilongwe kapena kunja. M'boma la Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayambitsa makiliniki a matenda aakulu osapatsirana m'zipatala za Neno ndi Lisungwi, momwe makilinikala ofesa ndi anamwino amayeza mtima okha. Ndondomekoyi, yotchedwa PEN-Plus, inafika ku Salima ndi Karonga, ndipo mu 2022 maiko a mu Africa a m'bungwe la zaumoyo la WHO anaivomereza kuti ifalikire m'zipatala za m'maboma. Kuyeza kwa pa boma n'kosefa: kodi mtima ukupopa, kodi muli madzi m'thumba, kodi vavu ikutayitsa. Chikaoneka chachilendo, kutsimikiza kumakachitikira ku Kamuzu Central, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa Dowa boma ndi wotalikirapo kuchokera ku Ntchisi, pa ambulansi ikapezeka, apo ayi pa kabaza mpaka pamsewu wa tala kenaka minibasi.

Dzina la matenda likapezeka, chithandizo chimasiyana malinga ndi kukula kwa chilemacho. Makanda ena a Ebstein amavutika tsiku lomwe abadwa, ena amafika ukulu osadziwa kanthu, n'kudzatulukira pa mimba yoyamba kapena mtima utayamba kuwathamanga mwadzidzidzi, zimene kumudzi amangoti BP yakwera. Kuthamangako kumadza chifukwa ena mwa iwo ali ndi kanjira kowonjezera ka mphamvu yoyendetsa kugunda kwa mtima, kamene kamaoneka pa pepala la ECG. Opareshoni yokonza vavuyi ilipo: José Pedro da Silva wa ku São Paulo anapeza njira yomatula timapiko tija, kutisoka ngati fanulo n'kutibwezera pamalo pake, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2007. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika opareshoni yotsegula mtima akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, ndipo mndandanda wa odikira ndi wautali. Amene chilema chawo n'chochepa safunika mpeni. Amapatsidwa mankhwala ochotsa madzi m'thupi miyendo ikatupa ndi oweruza kugunda kwa mtima ukamathamanga, amayezedwa mpweya wa m'magazi ndi kachipangizo kopana chala, amauzidwa kusamala mano chifukwa tizilombo ta m'kamwa timakonda vavu yolakwika, ndipo mtsikana amalangizidwa kuti akadzaima adzayambe sikelo msanga ndi kukachirira ku chipatala chachikulu. Zonsezi zimalembedwa m'buku la kuchipatala la wodwalayo, pamodzi ndi muyezo wa mamilimita uja ndi tsiku lodzabweranso, kuti woyeza wa chaka chamawa, kaya pa Mponela kaya ku Lilongwe, adzakhale ndi poyerekezera.